Kusankha Makina Opolishira Vanishi pa Katundu wa Matabwa

Mlimi amene anaphunzirako ukalipentala sakhala manja lende m'cilimwe. Akangomaliza kukolola ndi kugulitsa, amanola zipangizo zake nayamba kupanga mabedi, zitseko, matebulo ndi mabenchi a m'chalichi kufikira mvula yoyamba itamuitanira kumunda. Ambiri mwa alimi otere amalumikiza matabwa bwino, ndipo katundu wawo ndi wolimba kupambana wa m'masitolo a ku Chipata kapena ku Lusaka. Koma wogula amayamba ndi maso. Akaona tebulo locokera kunja lonyezimira ngati madzi a padziwe, pambali pake pali tebulo la mlombwa weniweni lokhala ndi timizere ta bulashi ndi tifumbi tomatirira pamwamba, mtima wake umathamangira kumene kuli kuwala, ngakhale m'kati mwa tebulo lonyezimiralo mutakhala utuci wopanikizidwa ndi guluu. N'cifukwa cake amene anamaliza maphunziro pano amatifunsa kawirikawiri za makina opolishira, amene m'masitolo amachedwa buffer kapena polisher: kodi tigule otani?

Yankho lake lagona pa mfundo imodzi imene tiyenera kuimvetsa tisanachule dzina la makina alionse. Makina opolishira sagwira nchito pa thabwa. Amagwira nchito pa khungu la vanishi kapena la lacquer limene lili pamwamba pa thabwalo, ndipo khungu limeneli ndi lopyapyala koposa mmene ambiri amaganizira. Vanishi wopakidwa katatu kapena kanayi, akauma, kucindikala kwake kumangolingana ndi pepala limodzi la m'kope, cifupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kupolisha ndiko kupala khungu limenelo pang'onopang'ono ndi timcenga tosalala kwambiri ta m'phala lopolishira, limene ogulitsa amalicha compound, kufikira timizere tonse titacepa kotero kuti diso silingationenso. Pamene palibe timizere, kuwala kumabwerera molunjika monga kumacitira pa kalirole. Motero makina amacotsa, saonjezera kanthu. Ndipo pocotsapo amabala kutentha, kumene kumafewetsa vanishi. Makina abwino ndi amene mwini wake angathe kuwalamulira kuti acotse zocepa popanda kutenthetsa. Mphamvu ndi liwiro, zimene timatamanda pa cigayo ndi pa maceka a magetsi, pano zikhoza kuononga m'kamphindi nchito ya milungu itatu.

Grinder si makina opolishira

Tiyambe ndi makina amene ambiri muli nawo kale, grinder yodulira ndi kupalira zitsulo. Maonekedwe ake amafanana ndi makina opolishira a mtundu wa rotary, ndipo citsulo cake capakati, pamene timamangirira mbale, cili ndi mazinga a muyeso umodzimodzi wa M14, kotero kuti mbale yonyamula siponji imalowa bwinobwino. Msampha uli pomwepo. Grinder yaing'ono ya 115 mm imazungulira cifupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, yaikulu ya 230 mm cifupifupi ka 6,500, pamene vanishi amapolishidwa pa liwiro la pakati pa 1,000 ndi 1,500. Nambala zimenezi zimalembedwa pa makina pamodzi ndi zilembo za rpm.

Cimene cimapsereza vanishi ndi liwiro la m'mphepete mwa siponji, ndipo masamu ake ndi apafupi. Siponji ya 180 mm ikazungulira kamodzi, mphepete yake yayenda masentimita 56 ndi theka. Pa 1,500 rpm ndiye kuti ikuyenda mamita cifupifupi 850 pa mphindi, kapena makilomita 50 pa ola, liwiro la minibasi m'tauni. Siponji yomweyo pa grinder ya 11,000 rpm ingayende makilomita oposa 370 pa ola. Pa liwiro lotere vanishi amasungunuka musanaphethire, ndipo siponji kapena mbale yake imatha kung'ambika n'kuulukira kumaso. Mbale iliyonse yabwino ili ndi nambala ya liwiro limene siyenera kupyola, iwerengeni. Ilipo mitundu ina ya grinder yokhala ndi kagudumu kosinthira liwiro, koma pa yambiri liwiro lotsikitsitsa ndi cifupifupi 2,800 rpm, limene likali lalikulu kwa vanishi. Ena amalumikiza kabokosi kocepetsera magetsi pa waya wa grinder. Liwiro limatsikadi, koma mphamvu imatsikira limodzi, cokupizira mphepo ca m'kati cimayendanso mocedwa, mota n'kuyamba kununkha.

Drill yoboolera ili ndi liwiro loyenera, ndipo ndi cipewa ca ubweya ingathandize kupukuta phula pa miyendo ya mipando. Pa tebulo lalikulu sigwirika moongoka. Imapendekera mbali imodzi n'kusiya mizere yozungulira.

Rotary ndi random orbital

Makina enieni opolishira ogwira m'manja ali m'mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyana kwake kuli pa kayendedwe ka mbale. Mtundu woyamba ndi rotary. Mbale yake imazungulira pamalo amodzi monga gudumu la njinga, pa liwiro losinthika kuyambira cifupifupi 600 kufika 3,000 rpm. Mota yake kawirikawiri ndi ya mawati 1,200 kapena kuposerapo, kulemera kwake ndi makilogalamu atatu kapena kuposa pang'ono, ndipo mbale yake ndi ya 150 kapena 180 mm. Awa ndi makina amene mumawaona kwa opaka penti magalimoto. Amagwira nchito mwacangu. Ndi cipewa ca ubweya wa nkhosa ndi phala lokhakhala amafafaniza timizere ta sandipepa pa tebulo lalikulu lodyerapo m'nthawi yocepa, ndipo pa zopaka zouma gwa za mtundu wa 2K, zimene zimasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa, ndiwo amene amathandiza koposa.

Koma rotary sikhululukira dzanja losazolowera. Popeza mbale ikudutsa njira imodzimodzi, mukaima pamalo amodzi kwa masekondi owerengeka kutentha kumaunjikana pomwepo, vanishi nafewa, nakwinyika. Coopsa koposa cili m'mphepete mwa tebulo ndi pa ngodya. Vanishi akali wamadzi amathawa pa mphepete yakuthwa, motero khungu ndi lopyapyala koposa pamalo omwewo pamene siponji imakanikiza ndi mphamvu yake yonse. Kukhudza kumodzi kokha kumafika pa thabwa. Ngati tebulo ndi la mlombwa wosasinthidwa mtundu, bala lake likhoza kubisika. Koma ngati ndi la paini wopakidwa mtundu wofiirira kuti aoneke ngati mbawa, pamatuluka banga loyera limene silibisika, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kupala pamwamba ponse n'kuyambanso. Vanishi wa polyurethane ali ndi vuto linanso. Makungu ake sasungunukirana. Lililonse limangokhala pamwamba pa linzake. Mukaboola lapamwamba n'kufika pa laciwiri, pamaoneka mzere wokhotakhota ngati malire a pa mapu, ndipo kupitiriza kupolisha kumangoukulitsa. Lacquer ndi shellac zilibe vuto limeneli, cifukwa khungu latsopano limasungunula lakale n'kukhala cinthu cimodzi. Rotary ndi ya mmisiri amene amapopera matebulo aakulu mlungu ndi mlungu, amenenso wavomera kuononga matabwa angapo pophunzira.

Mtundu waciwiri ndi random orbital, umene ena amaucha dual action kapena DA. Mbale yake imacita zinthu ziwiri nthawi imodzi: imagwedezeka m'kabwalo kakang'ono, uku ikuzungulira mwa iyo yokha momasuka, monga licero m'manja mwa mayi wodziwa kupeta, limene limagwedezeka uku likutembenuka pang'onopang'ono. Popeza palibe kamcenga kamene kamadutsa njira imodzi kawiri, kutentha sikuunjikana ndipo mizere yozungulira imacepa. Ndiponso mukakanikiza mopitirira, mbale imaleka kuzungulira n'kumangonjenjemera, motero makina amateteza okha tebulo ku dzanja lolemera. Citetezo cimeneci cimadya nthawi, pakuti DA imacedwa poyerekeza ndi rotary, ndipo manja amacita dzanzi ndi kunjenjemera kwake. Komabe kwa munthu amene akugwira makina opolishira koyamba, kucedwa pa tebulo n'kwabwino kusiyana ndi kulipala lonse kaciwiri.

Pogula DA yang'anani nambala ziwiri. Yoyamba ndi kukula kwa kabwalo, kamene kamakhala ka 8, 15 kapena 21 mm. Makina a 15 ndi 21 mm anapangidwira zitseko ndi madenga a magalimoto, malo aakulu opanda zopinga. Pa mipando, pamene pali timatabwa ting'onoting'ono ndi ngodya zambiri, a 8 mm okhala ndi mbale ya 125 mm ndiwo amagwirika bwino. Yaciwiri ndi liwiro, limene pano limalembedwa opm, kutanthauza kugwedezeka pa mphindi, kuyambira ca m'ma 2,000 kufika ca m'ma 6,500. Musacite mantha poyerekeza nambala zimenezi ndi za rotary, pakuti siziwerenga cinthu cimodzi. Alipo makina ena amene mbale yake imagwedezeka komanso kuzunguzidwa ndi magiya, kotero kuti siima ngakhale mutakanikiza. Makita, Flex ndi Festool amawapanga. Ndi abwino, koma mtengo wake ndi wa shopu yaikulu yokhala ndi maoda tsiku ndi tsiku.

DA ili ndi m'bale wake amene ambiri samuganizira: sander yozungulira ya random orbital, ya mbale ya 125 kapena 150 mm. Kayendedwe kake ndi kofanana, kungoti kabwalo kake ndi kakang'ono, pakati pa 2 ndi 5 mm, motero imapolisha mocedwa kwambiri. Ikakhala ndi kagudumu kosinthira liwiro, mukhoza kumata siponji pa mbale yake n'kutsitsa liwiro, ndipo pa tebulo laling'ono, pa kabati kapena pa gome lowerengerapo m'chalichi imatulutsa kuwala kokhutiritsa. Maganizo anga ndi akuti munthu amene ali ndi ndalama za makina amodzi okha agule sander imeneyi. Kukongola kwa katundu kumacokera makamaka pa kusalaza thabwa ndi kusalaza pakati pa makungu a vanishi, ndipo imeneyo ndi nchito ya tsiku lililonse, pamene kupolisha ndi kwa apo ndi apo. Cenjezo lake ndi ili: musanaikepo siponji, cotsani thumba la fumbi, kung'unthani makina onse ndi kuwapukuta, cifukwa kamcenga kamodzi ka sandipepa wa P80 kakagwera pa siponji kamalemba tizingwe topotana pa tebulo lonse. Sander ya makona anayi, yomangirira pepala ndi zopanira, siyenera pa nchito imeneyi.

Palinso makina ochipa a zogwirira ziwiri ndi cipewa cacikulu ca nsalu ca 240 mm, amene amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za galimoto. Mota yake ndi yofooka. Amatha kupaka ndi kupukuta phula basi; timizere sangatifafanize.

Gudumu la nsalu pa tinthu tating'ono

Amene amasema mbale, mitanda, ndodo ndi ziboliboli sangapindule ndi makina ogwira m'manja. Kwa iwo makina amaima pa benchi, cosemaco n'cimene cimagwidwa m'manja. Gudumu la nsalu za thonje zosanjikizana limamangidwa pa mota, ndipo phala lake ndi louma ngati sopo wocapira, loti mumangoligunditsa pa gudumu likuzungulira. Mumayamba ndi lofiirira lochedwa tripoli, kenaka loyera losalala, potsiriza phula la carnauba, locokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil. Lililonse ndi gudumu lakelake. Pa mitengo yoderapo ya timabowo tambiri, monga mlombwa, dumphani phala loyera, cifukwa limalowa m'timabowo n'kutsalamo ngati ufa. Phula la njuci, limene ambiri muli nalo kucokera m'ming'oma yanu, limagwiranso nchito. Ndi lofewa, limasungunuka pa madigiri cifupifupi 63 pamene carnauba amapirira kufika pa opitirira 80, motero kuwala kwake ndi kofatsa ndipo zala zimadindapo. Koma pa zipande, mithiko ndi mbale zodyera, phula la njuci lokha ndilo loyenera, popanda phala lililonse.

Pa magetsi athu a 50 Hz mamota wamba ali a liwiro la mitundu iwiri, cifupifupi 1,450 ndi cifupifupi 2,900 rpm. Grinder ya pa benchi yonolera nkhwangwa ndi zikwanje nthawi zambiri ndi ya 2,900. Gudumu la 200 mm pa mota ya 1,450 limayenda mamita cifupifupi 900 pa mphindi, liwiro loyenera; pa mota ya 2,900 liwirolo limawirikiza kawiri n'kupsereza. Ngati mota imene muli nayo ndi yothamangayo, ikani gudumu la 100 mm, kapena tsitsani liwiro ndi lamba ndi mapule, monga timacitira pa makina otong'olera cimanga. Gudumu lizizungulira kutsikira kwa inu, ndipo cosema cigwidwe m'munsi mwa pakati pake, kuti likacikwatula ciponyedwe pansi osati pacifuwa. Magolovesi, manja a malaya olendewera ndi nsonga za citenje zisayandikire.

Vanishi ayambe wakhwima

Makina abwino koposa sangathandize ngati khungu silinakonzeke, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizira makina. Kuuma ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lacquer amauma m'mphindi zowerengeka, koma thinner amapitiriza kutuluka m'kati mwake kwa masiku ambiri, khungu likunka nilicepa. Mukapolisha mawa lake liwaladi, koma pakatha milungu iwiri lidzalowa m'timabowo ta thabwa, kuwala n'kuzilala. Mpatseni mlungu umodzi pocepetsetsa, ndipo iwiri kapena itatu ngati mufuna kalirole weniweni. Vanishi wamafuta, kuphatikizapo polyurethane, amakhwima pogwirizana ndi mpweya, ndipo amafuna cifupifupi mwezi wathunthu. M'nyengo ya mvula ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi onjezerani masiku; kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyesa kwake sikufuna cipangizo. Gunditsani mphuno pa tebulo: ngati fungo la thinner likumveka, dikirani. Kanikizani cikhadabo pamalo obisika: cikadinda, dikirani. Palani pang'ono ndi sandipepa wosalala: khungu lokhwima limatulutsa ufa woyera, losakhwima limamata pa pepala ngati ulimbo.

Izi zimakhudza malonda. Bokosi la maliro lopangidwa usiku kuti linyamulidwe m'mawa silingapolishidwe ndi makina. Kuwala kwake kuyenera kucokera pa kupopera kwaukhondo. Wogula amene akufuna tebulo lake Loweruka auzidwe poyera kuti kalirole amafuna milungu, ndipo milunguyo ilowe mu mtengo. Madesiki a sukulu, mafelemu a zitseko ndi mabenchi safuna kalirole n'komwe. Palinso zopaka zina zimene sizipolishika. Vanishi wa panja anapangidwa kuti akhale wofewa ndi wotamuka pa dzuwa ndi mvula, motero amangomata pa siponji. Mafuta a linseed ndi ena olowa m'thabwa sasiya khungu loti n'kupala. Amangofuna nsalu ndi phula. Nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa muziziyanika motambasula, cifukwa zikaunjikidwa pakona zimatha kuyaka zokha.

Khungu likakhwima, nchito yoyamba si ya makina. Makina opolishira amawalitsa ciliconse cimene apeza: mzere wa bulashi umasanduka mzere wonyezimira, kafumbi n'kukhala kaculu konyezimira. Conco yambani ndi sandipepa wa m'madzi wokulungidwa pa kathabwa kosalala, P800 kapena P1000, ndi madzi okhala ndi kadontho ka sopo, kufikira pamwamba ponse patacita mbuu mofanana popanda timadontho towala. Kenaka P1500, kenaka P2000, mukusamala kuti madzi asalowe m'malumikizidwe a matabwa. Pa mitengo ya timabowo tikulutikulu monga mlombwa ndi mbawa, timabowoto tikhale titatsekedwa kale ndi grain filler kapena ndi sanding sealer wopakidwa ndi kupalidwa kangapo. Apo ayi phala lidzadzaza m'menemo n'kuuma loyera. Ngati vanishi munangopaka kawiri, musayambe n'komwe; onjezerani kaye.

Tsono tengani makina. Matani tepi ya pepala m'mphepete ndi pa ngodya, kumene mudzamaliza ndi dzanja. Thirani timadontho tinayi kapena tisanu ta phala pa siponji, lipakeni pa tebulo makina asanayake, yambani pa liwiro lotsika, ndipo gwirani kadera kamodzi ka masentimita 50 m'litali ndi m'lifupi, kuyenda mopingasa kenaka motsata mzere wa thabwa, osaima. Kulemera kwa makina n'kokwanira. Gunditsani kuseri kwa dzanja pa tebulo kawirikawiri: kufunda n'kwabwino, kutentha ndi cizindikiro cakuti muime. Pa rotary pendeketsani pang'ono kuti mbali ya siponji imene ikukhudza izitulukira kunja kwa mphepete, osati kuwomba mphepeteyo kulowera m'kati. Phala lokhakhala likatha nchito yake, pukutani bwino, sinthani siponji, tengani losalala.

M'sitolo

Coyamba kuwerenga ndi kapepala komatidwa pa makina. Magetsi a ZESCO ndi a 230 V, 50 Hz. Makina opangidwira ku America ndi a 120 V, ndipo amapezeka pakati pa katundu wogwiritsidwapo kale nchito ndi wotumizidwa ndi abale akunja. Mukawalowetsa pa soketi yathu amapsa. Rotary ya kumeneko ilinso ndi mazinga a 5/8 inchi, amene salandira mbale za M14 zopezeka kuno. DA nayo ili ndi mazinga akeake, motero ndi nzeru kugulira limodzi mbale yosinthira. Caciwiri ndi kagudumu ka liwiro. Makina opanda iko asiyeni, ngakhale atachipa motani. Pemphani wogulitsa awayatse. Makina abwino amayamba mofatsa n'kukwera liwiro pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa n'kumwaza phala pa khoma. Ndipo rotary yabwino mukaikanikiza pang'ono pa thabwa liwiro lake silitsika, cifukwa m'kati muli kacipangizo kolisunga. Mverani phokoso la magiya. Anyamuleni kwa mphindi ziwiri manja atatambasuka, pokumbukira kuti mudzawagwira kwa maola.

Funsani za timakala tiwiri ta mota, timene amisiri amaticha carbon brushes, timene timatha ndi nchito. Ngati sitolo ilibe, ndipo simungatipeze ku Chipata kapena ku Lusaka, makina onse adzagona pa shelefu cifukwa ca kanthu kolingana ndi njere ya nyemba. Apa ndi pamene maina odziwika monga Makita ndi Bosch amapambanira. Koma dzina limaberedwa: makina abodza ali ndi zilembo zofanana, alibe nambala yawoyawo kapena pepala la garanti, ndipo mtengo wake ndi wotsika modabwitsa. Werengeraninso zimene zimatha, ndizo siponji ndi phala. Mufunika siponji yolimba ndi yofewa, ndipo muziweruze ndi cala, popeza kampani iliyonse ili ndi tanthauzo lake la mitundu yofiira, yacikasu ndi yakuda. Phala likhale lolembedwa kuti lilibe silicone. Polishi wambiri wa galimoto ndi wopopera pa mipando ali nayo, ndipo ikalowa m'shopu, vanishi amene mudzapake pambuyo pake amacita timaenje tonga maso a nsomba.

Ciyambire cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, amisiri ambiri amadalira jenereta kapena sola, ndipo izi ziyenera kulowa m'masamu. Rotary ya mawati 1,200 imafuna jenereta ya 2 kVA kapena kuposa kuti igwire momasuka. DA ya mawati 500 kufika 900, ndi sander ya mawati cifupifupi 300, zimakhutira ndi yocepa. Pa inverter sankhani ya pure sine wave, popeza zochipa zija zimasokoneza kacipangizo kosinthira liwiro ndipo zikhoza kukapsereza. Makina a batire a 18 V alipo, ndipo amapindulira amene ali kale ndi drill ya kampani yomweyo, cifukwa batire ndi chaja n'zimene zimakweza mtengo. Kumbukiraninso kuti timakala ta mota timathetheka: musayatse makina m'cipinda mmene mwangopopera lacquer, fungo la thinner likali m'mwamba. Valani magalasi ndi cophimba mphuno, waya upite paphewa, katundu apanidwe pa benchi.

Si aliyense ayenera kugula. Amene amapanga tebulo limodzi kapena awiri pa caka akhoza kucita zonse tafotokozazi ndi dzanja, phala lili pa nsalu yofewa yokulungidwa pa kathabwa. Cimene cidzaculuke ndi thukuta cabe. Ogula ambiri amakondanso kuwala kofatsa kumene kumabwera pokhula vanishi wokhwima ndi steel wool wa 0000 wopakidwa phula, motsata mzere wa thabwa. Kumabisa zala ndi tizipsera, ndipo m'chalichi sikuthobwa m'maso dzuwa likalowa pa zenera; kungoti steel wool asakhudze vanishi wosungunulira ndi madzi, cifukwa tizitsulo totsalira timacita dzimbiri. Amene ali m'kalabu kapena m'kopaletivu angagule makina amodzi a gulu, aliyense n'kukhala ndi siponji zake, ndipo makina omwewo angabweretse ndalama zina popolisha magalimoto.

Tsiku loyamba makina asakhudze katundu wa oda. Konzani matabwa awiri kapena atatu otsala, muwapake monga mumapakira tebulo, muwasiye akhwime, ndipo limodzi mulipsereze dala: imani pamalo amodzi, kanikizani pa mphepete, kuti dzanja lidziwe pamene vanishi amagonjera. Mukamaliza nchito capani siponji ndi madzi ofunda ndi sopo, ziume pamthunzi, ndipo iliyonse isungidwe m'thumba lake la pulasitiki lolembedwa dzina la phala lake, kutali ndi pamene mumapalira matabwa.